Matumba a Penti Wofiira

Mutu 6

1. Nambala ya pa makina

Nthawi inali itangopitirira sikisi koloko m'mawa. Kunkazizira monga momwe kumazizirira mwezi wa Juni ukamatha, ndipo nkhungu inali itaphimba phiri la Kanjala mpaka pakati. Rabecca Miti anatsika pa njinga ya hayala pa geti la kampani ya Dornvale, manja atawabisa m'juzi.

Rabecca anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anali atagwira ntchito mu labu ya kampaniyo kwa miyezi isanu. Pakutha pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, abwana anali oti anene ngati amulemba ntchito yokhazikika kapena ayi.

Dornvale inali kampani yaikulu. Likulu lake linali ku Ulaya, ndipo inali ndi nthambi m'maiko oposa makumi atatu. Ku Chipata inkagula mtedza kwa alimi, kuusankha, n'kuutumiza kunja.

Ntchito ya Rabecca inali kuyeza chuku. Mtedza ukasungidwa uli wonyowa umachita chuku, ndipo chukucho chimasiya poizoni wosaoneka ndi maso, wosamveka pakamwa, amene satha ngakhale mtedzawo uukazinge. Poizoniyo amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo mwana amene amamudya kawirikawiri sakula bwino.

Lamulo la kampani linali losavuta. Makina akaonetsa nambala yopitirira khumi, matumba onse a mulu umenewo ankapakidwa penti wofiira, kenaka n'kuwotchedwa.

M'mawa umenewo a Matiyasi Daka anabwera ndi sampulo ya mulu wa 114. A Daka anali bambo a imvi, ndipo anali atakhala pa kampaniyo zaka makumi awiri. Ntchito yawo inali kubowola matumba ndi chitsulo, kutapa mtedza pang'ono, ndi kutsuka mabotolo.

Monga mwa lamulo, anagawa sampuloyo pawiri. Theka analitsekera m'botolo, kumata pepala pa chivindikiro, n'kulembapo tsiku ndi maina awo onse awiri. Theka lina Rabecca analigaya n'kuliyeza.

Makina anaonetsa 87.

"A Daka, tabwerani mudzaone."

A Daka anavala magalasi, kuwerama, n'kuwongoka. "Bwereza."

Ulendo wachiwiri makina anati 85. Wachitatu anabwereranso pa 87.

"Lemba zimene waona," anatero a Daka. "Ine ndikatenge penti."

Apa m'pamene Rabecca anawerenga chikwangwani cha muluwo: Kalabu ya Amayi ya Tigwirane, Chipangali. Inali kalabu ya amayi ake.

Sanafunse kuti chuku chachokera kuti. Ankadziwa. Kwawo mtedza amauswa ndi manja, ndipo makoko a mtedza wa chalimbana akauma amalimba n'kumang'amba zala. Choncho madzulo amayi amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe, m'mawa n'kuuswa, n'kuuthira m'matumba usanaumenso. Rabecca mwini anali atawazapo madzi amenewo kambirimbiri ali mwana. Zaka zitatu zapitazo kampani inalonjeza makalabu makina oswera mtedza. Anafika makina amodzi, anajambulidwa, n'kubwerera pa galimoto yomweyo.

Pa khoma la labu panali chithunzi cha mayi wina womwetulira, wapampando wa bodi ya kampani. Pansi pake panalembedwa malamulo khumi a khalidwe labwino, ndi nambala ya foni. "Mukaona cholakwa, lankhulani. Dzina lanu silidzadziwika."

2. Tiyi wa abwana

Cha m'ma teni koloko a Edmund Shawa, manijala wa nthambi ya Chipata, anamuitanitsa ku ofesi. A Shawa anali munthu wa nkhope yosekerera amene ankadziwa dzina la mlonda aliyense. Anamuthirira tiyi ndi dzanja lawo.

"Khala pansi, mwana wanga. Shuga masupuni angati? Amayi ali bwanji ku Chipangali?"

"Ali bwino, abwana."

"Ndamva za 114. Matumba mazana atatu. Madala a Daka athamangira kale penti ngati akupenta tchalitchi." Anaseka okha. "Ukuidziwa ntchito yathu ya Phala la Ana?"

Rabecca ankaidziwa. Chaka chilichonse Dornvale inkapereka nsinjiro zothira m'phala ku masukulu khumi ndi awiri a m'madera amene inkagulako mtedza. Zithunzi za ana atanyamula makapu zinkatuluka m'buku lokongola limene akuluakulu a bodi ankawerenga ku Ulaya.

"Masabata atatu akubwerawa tilandira alendo a ku bodi," anapitiriza a Shawa. "Akufuna akagawe okha phala loyamba, pa sukulu ya kwanu komwe. Mtedza wabwino wonse uli kale ndi eni ake, ukupita ku doko. Likulu likufuna zinthu ziwiri kwa ine: ana adye, ndipo ndisataye katundu. Sanandiuze kuti ndichite bwanji. Iwo sanena zimenezo. Amangofuna nambala zabwino Lachisanu lililonse."

Anakankhira fomu patsogolo pa Rabecca. Inali fomu yololeza mulu kupita ku chigayo. Malo a nambala anali opanda kanthu, a dzina chimodzimodzi.

"Makina anati 87, abwana."

"Makina amanena zimene wawapatsa. Mwina chitsulo cha madala chinalowa m'thumba limodzi loipa. Pafupi ndi 114 pali mulu wa 109, woyera bwino. Munthu akhoza kusokoneza milu, kumakhala mdima mu shedi muja. Sindikukuuza kuti uname, Rabecca. Ndikuti ukayeze bwino."

"Koma ana..."

"Kasupuni kamodzi m'kapu! Iwe unakulira mtedza womwewu wa madziwu. Suli pano ndi dipuloma yako?"

Rabecca anayang'ana tiyi wake.

A Shawa anatsitsa mawu. "Pali china. Ndime yachisanu ndi chinayi ya pangano lathu ndi alimi imati kalabu imene mtedza wake wapakidwa penti ichotsedwe pa mndandanda kwa zaka ziwiri. Amayi makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi. Si ine ndinalemba lamulo limenelo. Ukalemba 87, kompyuta iwachotsa yokha, ine sinditha kuiletsa. Tenga fomuyi, ukaganize. Mawa m'mawa ndiipeze pa tebulo pano. Ndipo kalata yako ya ntchito yokhazikika ili m'kabatimu, yangotsala kusainidwa."

3. Mawu a a Daka

Masana a Daka ankakonda kukhala kuseri kwa shedi, pamene dzuwa limafika, akudya chinangwa chootcha. Rabecca anawapeza kumeneko. Anawaonetsa fomu ija.

A Daka anamunyemera chinangwa.

"Akuthirira tiyi?"

"Inde."

"Wa mkaka?"

"Wa mkaka."

"Basi ndiye kuti zavuta. Khala apa undimvere, chifukwa sindidzabwerezanso.

"Sunadzifunsepo kuti n'chifukwa chiyani munthu wa zaka makumi awiri pa ntchito akutsuka mabotolo, iwe wa miyezi isanu n'kumasaina mafomu? Ine ndinali mkulu wa labu imeneyi. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo anandipatsa fomu yonga iyi, ine ndinakana. Sanandichotse ntchito. Kampani zazikulu sizichotsa munthu chifukwa chokana, zimaopa mapepala. Anangoti maso anga afooka, dzina langa lisamalembedwenso pa mafomu. Kuyambira pamenepo amalemba ana ochokera ku koleji, miyezi isanu ndi umodzi, wina akatha kubwera wina.

"Iwe usanabwere panali mtsikana wina, Faith. Wanzeru, waulemu. Anasaina. Patapita nthawi, ogula ena anayezanso katundu, nkhani inafika ku likulu. Kunabwera anthu awiri a masuti. Anafunsa funso limodzi lokha: dzina ili pa fomu ndi la yani? Kalata inatuluka yoti wantchito mmodzi anaswa malamulo payekha, ndipo kampani yachitapo kanthu msanga. A Shawa anayamikiridwa. Faith pano akugulitsa masikono pa siteshoni, ndipo palibe labu imene ingamulembe.

"Uzidziwa kuti pa fomu yoipa sipakhala dzina la bwana. Mawu ake amathera mu ofesi pamodzi ndi tiyi. Chimene chimatsala ndi dzina lako. Usasaine chinthu chimene maso ako sanaone, ngakhale akulonjeze mpando wa manijala. Ntchito ungaipeze ina. Koma ukasaina kamodzi, chaka chamawa sadzakuthiriranso tiyi, adzangokutumizira fomu, chifukwa adzakhala akudziwa kuti ndiwe wawo.

"Sindikunamiza kuti ukakana zikuyendera. Sizikuyendera. Ine ndinakana, mtedza unapitabe, ndipo ndatsuka mabotolo zaka zisanu ndi zitatu. Chimene ndinapindula n'chakuti ndikakumana ndi mwana wa yunifolomu pa msewu sindiyang'ana kumbali. N'chochepa, koma ndilibe china."

Rabecca anati, "Nanga nambala ya pa khoma ija?"

A Daka anaseka pang'ono, mosakondwa.

"Nambala ija usaiimbe. Amene amayankha ali kutsidya la nyanja, sadziwa kuti Chipangali n'chiyani. Amalemba mawu ako, amawatumiza kwa mkulu wa ku Lusaka. Mkulu wa ku Lusaka amawatumiza kwa manijala wa nthambi kuti afufuze. Manijala wa nthambi ndi yani? Malamulo a pa khoma aja ndi abwino, mwana wanga, ndinawawerenga onse khumi. Koma amene anawalemba anaiwala kufunsa kuti kalatayo ikathera pa tebulo la yani. Kapena sanaiwale."

Belu linalira. A Daka anasasa nyenyeswa pa ovolosi yawo n'kunyamuka.

4. Zala za amayi

Rabecca ankachita lendi chipinda chimodzi ku Kapata. Atafika madzulo, dzuwa lisanalowe, anapeza amayi ake, a Yosefina, atakhala pa khonde. Anali atabwera pa lole ya kalabu kudzamva ngati mtedza wawo walandiridwa.

"Bwera kuno, adokotala a nshawa," anatero akuseka. "Kwathu onse akuti chaka chino tilibe mantha, mwana wathu ndiye ali pa makina. Waonda bwanji? Sakukudyetsa azungu akowo?"

Rabecca anagwada n'kuwapatsa moni. Kenaka anawauza zonse: nambala, penti, fomu, ndime yachisanu ndi chinayi.

A Yosefina anatambasula manja awo pa maondo. Zala zinali zong'ambika m'mphepete mwa zikhadabo, ndipo chala chachikulu chinali chomangidwa ndi kansalu.

"Ona apa. Izi ndi zala zimene zawaza madzi. Tikanapanda kuwaza zikanakhala bwanji? Matumba mazana atatu, Rabecca, mtedza umodziumodzi. Anabwera ndi kamnyamata ka tayi kudzatiuza kuti madzi ndi oipa. Tinati tamva, makina ali kuti? Anati akubwera. Anatijambula titagwira makinawo, ine ndinavala chitenje cha ku Misa. Chithunzi changa chili ku Ulaya, makina ali kuti? Ndiye lero akuti olakwa ndife?

"Tamvera, mwana wanga. Ine ndinakutumiza ku sukulu ndi nshawa zomwezi. Atate ako atamwalira, ndi amayi a kalabuwa amene anandilimira munda. Mai a Leticia anakugulira nsapato zako zoyamba za ku sekondale. Anthu amenewa ukawachotse pa mndandanda ndi dzanja lako? Zaka ziwiri tikagulitsa kuti? Kwa mavenda a sikelo zokhota? Ndikalowa bwanji m'tchalitchi Lamulungu? Bwana wako wanena yekha kuti uyeze bwino. Munthu wamkulu akakuonetsa njira, iwe mwana umatsata. Tadya nshawa zimenezi moyo wathu wonse, sitinafe."

"Amayi," anatero Rabecca, "mtedzawu sukupita kunja. Ukupita ku phala la ku sukulu kwathu. Chikondi azidya tsiku lililonse mpaka chaka chithe."

Chikondi anali mdzukulu wa a Yosefina, mwana wa malemu mkulu wake wa Rabecca. Anali mu giredi yoyamba, ndipo anali wamng'ono thupi kuposa anzake onse.

A Yosefina anayang'ana pansi. "Chikondi ndimuuza kuti asamadye. Ndizimupatsa mbatata."

"Nanga ana a anzanu?"

Kuseri kwa nyumba wina ankakolezera mbaula, utsi unadutsa pakati pawo. A Yosefina anamasula kansalu ka pa chala, kukayang'ana, n'kukamanganso.

"Unapita ku sukulu kuti uzidziwa zimene ife sitidziwa," anatero potsiriza. "Sindinaganize kuti zidzatipweteka ife. Chita zimene ukuona. Koma ukalemba nambala yakoyo, usanditume ine. Udzabwere wekha, uime pamaso pa amayi onse, uwauze ndi pakamwa pako."

"Ndidzabwera."

"Tiona."

M'mawa a Yosefina anakwera basi yoyamba ya ku Chipangali. Kathumba ka mtedza kamene anamubweretsera mwana wawo anabwerera nako.

5. Fomu

Lachitatu Rabecca anafika mu labu isanakwane seveni. Anayatsa kompyuta, anapeza mzere wa mulu wa 114, n'kulemba 87. Pa kompyutapo panatuluka funso lakuti akutsimikiza kapena ayi. Anatsimikiza. Dzina la Kalabu ya Tigwirane linasanduka lofiira.

Pa fomu ya ku chigayo analembanso 87. Malo a dzina anawasiya momwemo. Anapita nayo ku ofesi n'kuiika pa tebulo.

A Shawa anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe.

"Amayi ako wawauza?"

"Ndawauza, abwana."

"Chabwino. Tseka chitseko potuluka."

Rabecca ankadziwa kuti kukana kusaina sikuletsa lole kunyamuka. A Daka anali atanena kale. Pa nthawi yopuma anatuluka kunja kwa geti, anaima pansi pa mtengo wa mango, n'kuimba nambala ya pa khoma ija.

Anayankha mayi wina wa mawu ofatsa, m'Chingerezi chofulumira. Anamupempha kuti atchule dzina la dziko, kenaka kuti atchule malembo a dzina la Chipata limodzilimodzi. Rabecca anafotokoza za mulu wa 114, za phala, za ana. Mayiyo anati nkhaniyi ndi yofunika kwambiri kwa kampani, dzina lake silidziwika, ndipo palibe amene angamubwezere choipa. Anamupatsa nambala yaitali ya lipoti lake. Rabecca anailemba pa dzanja.

Atabwerera mu labu, a Daka anaona inki pa dzanjapo. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya.

"Waimba."

"Ndaimba, a Daka. Kungokana kokha sikukwanira."

"Ayi, sikukwanira," anatero a Daka. Anatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka mabotolo.

6. Yankho la kampani

Kampani inayankha msanga. Lachisanu m'mawa a Shawa anamuitananso. Ulendo uno panalibe tiyi. Pa tebulo panali mapepala awiri.

"Likulu landitumizira dandaulo kuti ndifufuze," anatero. "Lachokera kwa munthu wosatchulidwa dzina. Akuti amagwira ntchito mu labu ya Chipata, ndipo anayeza mulu wa 114 katatu Lachiwiri." Anamwetulira. "Mu labu muli anthu awiri. Mmodzi sakhudza makina. Koma ine sindikudziwa kuti ndi yani, ndipo malamulo sandilola kufunsa."

Rabecca anaimirirabe.

"Ndafufuza. Dzulo tinatumiza sampulo ina ya 114 ku labu yathu ya ku Lusaka. Yankho ndi ili." Ananyamula pepala loyamba. "Nambala ndi folo. Pansi pa khumi. Asaina a ku Lusaka. Dandaulo latsekedwa, ndipo likulu lathokoza wodandaulayo chifukwa cha kulimba mtima. Mtedza ukupita ku chigayo Lolemba."

"Ngati uli pa folo, abwana, ndiye kuti kalabu ya Tigwirane ilibe mlandu. Muibwezere pa mndandanda."

"Ayi. Nambala yoyamba kulowa m'kompyuta ndi imene imagwira ntchito pa alimi. Unailemba wekha. Ndinakuchenjeza."

Ananyamula pepala lachiwiri.

"Ili ndi lako. Sitikukulanga, malamulo amaletsa. Koma zotsatira zako zasiyana ndi za ku Lusaka, ndiye zikuoneka kuti ukufunika maphunziro ena. Kuyambira lero uzikagwira ku lamba wosankhira, kuti uudziwe bwino mtedza. Za ntchito yokhazikika tidzakambirana mwezi ukatha. Saina apa kuti walandira."

Rabecca anawerenga kalata yonse kawiri. Munalibe bodza limene akanaloza ndi chala. Anasaina.

Podutsa mu shedi anaona anthu akukhuthula matumba a penti wofiira m'matumba atsopano, oyera, olembedwa kuti Phala la Ana. Matumba akalewo ankawaunjika kuseri kuti awotchedwe. Lamulo linkati zofiira ziwotchedwe, ndipo zinali zoti ziwotchedwadi.

7. Ku lamba

Lamba wosankhira anali m'chipinda chachitali chozizira. Amayi makumi awiri ankaima mbali zonse ziwiri, mtedza ukudutsa patsogolo pawo, iwo n'kumatola wowola ndi wonyala n'kuponya m'ndowa.

"Ee, taonani kuno!" anafuula Jesca, mkulu wa gululo. "Adokotala atsika kumwamba! Gauni yoyera mwaisiya kuti, madamu? Kuno makina athu ndi zala."

Amayi anaseka. Jesca anamuponyera epuloni ndi duku.

"Ima apa pafupi ndi ine. Wakuda, wobiriwira, wonyala, m'ndowa. Osayang'ana lamba yense, umva chizungulire. Walakwa chiyani kumtundako?"

"Ndinalemba nambala."

"Hm. Kuno sitilemba kanthu, n'chifukwa chake takhalitsa."

Itatsala pang'ono kukwana thwelofu, a Daka analowa atanyamula ndowa zopanda kanthu. Anaima pambali pa Rabecca ngati akusintha ndowa yake. Sanamuyang'ane.

"Sampulo ya ku Lusaka ndinatapa ndine," anatero motsitsa mawu. "Pa mulu wa 109. Abwana anaima kumbuyo kwanga. Kwatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume pa ntchito, Rabecca. Zimene ndinakuuza kuseri kwa shedi zinali zoona, koma dzulo ine sindinazikwanitse."

Rabecca anatola mtedza wakuda n'kuuponya.

"Anandiuzanso kuti nditaye botolo la Lachiwiri," anapitiriza a Daka. "Ndataya lina."

Anawerama, n'kulowetsa chinthu cholemera m'thumba la epuloni ya Rabecca. Iye anachikhudza ndi chala. Linali botolo lija, pepala la pa chivindikiro lili losang'ambika, tsiku ndi maina awo awiri zili pomwepo.

"Nsinjiro zikhala m'shedi mpaka alendo atabwera, palibe mwana adye lisanafike tsikulo. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Ndaona pepala la ulendo wawo. Asanapite ku Chipangali, adzayamba adutsa muno kudzajambulitsa ndi amayi a pa lamba. Mmodzi ndi mayi wa pa khoma uja. Ine sindikukuuza kanthu. Nthawi yapita ndinakuuza, sunamvere."

Ananyamula ndowa yodzaza n'kutuluka, akutsimphina pang'ono.

Foni ya Rabecca inanjenjemera. Unali uthenga wochokera kwa amayi ake, wolembedwa ndi mwana wa sukulu: "Kalata ya kampani yafika. Msonkhano wa kalabu uli Lamulungu ikatha Misa. Akuti ubwere."

"Iwe adokotala!" anakuwa Jesca. "Foni m'thumba! Wowola wadutsa utatu uli kuwerenga makalata."

Rabecca anabweza foni, anakankhira botolo pansi pa thumba kuti lisaoneke, n'kumanga duku bwinobwino. Lamba ankayendabe. Anatambasula dzanja n'kutola mtedza wobiriwira, kenaka wina, kenaka wina.